Kamera Ikakondana ndi Chigawenga

Pa 30 Julayi 1977 mtsikana wina, Susanne Albrecht, anafika pakhomo pa Jürgen Ponto ku Oberursel, kufupi ndi Frankfurt m'dziko la West Germany, maluwa ali m'manja. Ponto anali mkulu wa banki ya Dresdner. Mtsikanayo sanali mlendo pakhomopo, pakuti bambo ake ndi Ponto anali pa ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo. Choncho anamulandira, iye ndi anzake awiri amene anabwera nawo. Pasanathe nthawi Ponto anali gone pansi, zipolopolo zili m'thupi. Alendowo anali a gulu la Red Army Faction, lodziwika mwachidule kuti RAF. Anabwera kuti amube, ndipo atalimbana nawo anamuwombera.

Patapita zaka 31 imfa imeneyi inaonekera pa sikirini m'filimu ya Der Baader Meinhof Komplex, imene Uli Edel anatulutsa mu 2008. Mkazi wa malemuyo, Ignes Ponto, amene anali pakhomo tsiku la ngoziyo, mtima unamuwawa kwambiri. Anati imfa ya mwamuna wake yapotozedwa ndi kusandutsidwa choonerera. Anabweza ku boma mendulo yaulemu imene analandira, poti ndalama za boma zinathandiza nawo kupanga filimuyo, ndipo anakasuma kukhoti ku Cologne koma mlandu sunamukomere. Chaka chomwecho Jörg Schleyer, amene bambo ake anaphedwanso ndi gulu lomwelo, anayamikira filimuyo ponena kuti yaonetsa poyera kuti anthuwa anali opha anzawo opanda chisoni. Anamfedwa awiri, filimu imodzi, wina akuona chipongwe, wina akuona choonadi. Mkangano wa mafilimu ndi uchigawenga ndi wotero: suthera pa kufunsa ngati magazi aoneka kapena ayi.

Tiyambe ndi uchigawengawo. Mbava ikamapha munthu imafuna pasakhale mboni. Chigawenga cha ndale chimafuna mboni zankhaninkhani. Nthawi zambiri wophedwayo sichimudziwa n'komwe. Mtembo wake ndi kalata yopita kwa anthu ena, kaya ndi boma, mtundu wina wa anthu, kapena achinyamata amene chikufuna kuwakopa. Brian Jenkins, katswiri wa nkhanizi wa ku bungwe la RAND ku America, analemba m'zaka za m'ma 1970 kuti uchigawenga ndi sewero. Mfundoyi si yatsopano. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 magulu okana ulamuliro wa boma lililonse ku Ulaya ankaphunzitsa kuti chochita chimodzi choopsa chimafalitsa uthenga kuposa timapepala tambirimbiri. Mfumu Alexander II ya ku Russia inaphedwa ndi bomba mu 1881, pulezidenti Sadi Carnot wa ku France anabayidwa mu 1894, Mfumu Umberto I ya ku Italy inawomberedwa mu 1900, ndipo pulezidenti William McKinley wa ku America mu 1901. Inali nyengo imene nyuzipepala zinatchipa ndipo matelegalamu ankawolotsa nkhani nyanja tsiku lomwelo. Gulu la Apalestina la Black September litagwira osewera a dziko la Israel pa masewera a Olympics ku Munich mu 1972, n'kuthera pa imfa ya Aisiraeli 11, silinasankhe malowo mwangozi. Makamera a dziko lonse anali ataima kale pamenepo.

Ndiye wopanga filimu akatola nkhani ya chigawenga amaponda malo oterera. Munthu amene akumufotokozayo anapha ndi cholinga choti aonedwe, atchuke, dzina lake lisaiwalike. Filimu ikhoza kumumalizira ntchito imene iye anaiyamba.

Palinso mfundo ina yovuta kumasula: kodi chigawenga ndi ndani? Bungwe la United Nations lakambirana kwa zaka zoposa 20 pangano limodzi lalikulu lothana ndi uchigawenga, koma mayiko sanagwirizanebe pa tanthauzo la liwulo. Chimawagawa makamaka ndi nkhani ya anthu omenyera ufulu wawo polimbana ndi atsamunda kapena olanda dziko, komanso funso loti kodi zimene asilikali a boma amachita nazo zilowe m'tanthauzolo. Nelson Mandela, amene anathandiza kuyambitsa Umkhonto we Sizwe, gulu lonyamula zida polimbana ndi ulamuliro watsankho ku South Africa, mu 1961, dzina lake linachotsedwa pa mndandanda wa zigawenga wa dziko la America mu 2008 pomwepa. Boma lililonse lopondereza limakonda liwuli, chifukwa ukangomutcha munthu chigawenga sufunikanso kumva dandaulo lake. Komabe ine sindivomereza zoti poti liwuli amaligwiritsa ntchito molakwika ndiye kuti lilibe tanthauzo. Kutchera bomba pamalo pamene ukudziwa kuti pali ana, amayi ndi anthu ongodutsa, ndi cholinga choti otsalawo achite mantha, ndi chinthu chodziwika, ndipo sichisintha kaya wochitayo ali ndi dandaulo lomveka kapena ayi, kaya wavala yunifolomu kapena sanavale.

Tsono filimu imamugwira bwanji munthu mtima? Imamugwira ndi nthawi. Ukakhala ndi nkhope ya munthu kwa maola awiri, ukumuona akudzuka, akukangana ndi mayi ake, akukondana, akuthamangitsidwa ndi apolisi, thupi lako limamutenga ngati mnzako usanaganize n'komwe. Iye akabisala kuseri kwa chitseko, iwenso umagwira mpweya. Akamadutsa pamalo a chipikisheni bomba lili m'chikwama, mtima wako umagunda kuti asamugwire. Suli munthu woipa pochita zimenezi. Ndi mmene nthano iliyonse imagwirira ntchito. Kuwonjezera apo, amene amasewera ngati chigawengacho kawirikawiri amakhala katswiri wa maonekedwe abwino, atamuveka jekete lachikopa ndi magalasi akuda, nyimbo yothamangitsa magazi ikulira kumbuyo. Ophedwawo amapatsidwa masekondi angapo. Alibe dzina, alibe mayi, sitinawaone akudzuka. Amagwa, kamera n'kuthamangira galimoto yothawa.

Kutamanda kwenikweni kumabisala pamenepa. Filimu ikhoza kunena ndi pakamwa kuti kupha n'koipa, chigawenga n'kufa kumapeto, koma maso a woonera atadya kale china. Chimene amatuluka nacho muholo ndi kayendedwe ka munthu uja ndi kagwiridwe kake ka mfuti.

Amene amati filimu ndi filimu basi, singavulaze munthu, ayenera kudziwa mbiri ya The Birth of a Nation, imene D. W. Griffith anatulutsa ku America mu 1915. Gulu la Ku Klux Klan linayamba itangotha nkhondo yapachiweniweni ya m'dzikolo mu 1865. Linkakwapula, kutentha nyumba ndi kupha anthu akuda amene anali atangomasulidwa ku ukapolo, kuti asavote ndiponso asakhale ndi maudindo. Umenewo unali uchigawenga wa ndale weniweni, ndipo boma linalithyola msana gululo m'zaka za m'ma 1870. Griffith anatenga anthu amenewa n'kuwaveka ungwazi. M'filimu yake ya maola atatu, azungu odzipaka zakuda kumaso amasewera ngati anthu akuda olusa, osaka atsikana achizungu, ndipo a Klan amatulukira pa akavalo atavala zoyera kudzapulumutsa mtundu wawo. Luso lake la kamera linali lodabwitsa pa nthawiyo: amadumpha pakati pa banja lozingidwa m'kanyumba ndi akavalo akuthamanga, mpaka oonera kuimirira n'kumakuwa. Filimuyo inaonetsedwa ku White House, nyumba ya mtsogoleri wa dzikolo, pulezidenti ali Woodrow Wilson. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP ndiponso mtolankhani William Monroe Trotter wa ku Boston anachita zionetsero kuti iletsedwe, koma inapitirira kudzaza maholo.

Mu Novembala chaka chomwecho William J. Simmons anakwera phiri la Stone Mountain ku Georgia ndi anzake, anayatsa mtanda, n'kudzutsa gulu limene linali litagona zaka zoposa 40. Mwambo woyatsa mtandawo Klan yoyamba sinkaudziwa. Unachokera m'buku limene filimuyo inatengako nkhani ndi m'filimu momwemo. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1920 gululo linali ndi mamembala mamiliyoni, ndipo linkagwiritsa ntchito filimuyo pokopa anthu kwa zaka zambiri. Desmond Ang wa ku yunivesite ya Harvard, m'kafukufuku wotuluka mu 2023, analondola madera amene filimuyo inadutsa ndipo anapeza kuti kuphedwa kwa anthu akuda ndi magulu a anthu kunkakwera ikangoonetsedwa, ndiponso kuti maderawo ndi amene pambuyo pake anadzakhala ndi nthambi zambiri za Klan. Filimuyo sinalenge chidani. Inachipeza chilipo, n'kuchipatsa chovala, nyimbo ndi ulemu.

Nkhani imene imandivutitsa maganizo kwambiri ndi ya The Battle of Algiers ya Gillo Pontecorvo, ya mu 1966, chifukwa apa dandaulo la otchera mabomba linali lomveka. France inalamulira Algeria kuyambira 1830, ndipo nkhondo yomenyera ufulu, ya 1954 mpaka 1962, inapha anthu miyandamiyanda. Mmodzi mwa amene anapanga filimuyi ndi Saadi Yacef, amene anatsogolera gulu lomenyera ufulu la FLN mumzinda wa Algiers pa nthawi ya mabombayo, ndipo nayenso akuseweramo. Munthu angayembekezere nyimbo yodzitamandira yokhayokha. Koma taonani zimene Pontecorvo anachita. Poyamba akutionetsa apolisi achifalansa akutchera bomba usiku m'dera la Casbah, kumene kunkakhala eni dziko, monga zinachitikiradi mumsewu wa Thèbes mu Ogasiti 1956, ndipo m'mawa anthu akufukula mitembo ya ana pansi pa zigumukire. Kenako amayi atatu aima pagalasi. Avula nsalu zawo zakumutu, wina akudula tsitsi n'kulisintha mtundu, akupaka milomo, akuvala ngati atsikana achifalansa. Palibe akulankhula; ng'oma zokha zikugunda. Adutsa pa chipikisheni, asilikali akuwamwetulira. Mpaka apa woonera ali nawo limodzi, akuwapempherera kuti adutse.

Mmodzi wa iwo alowa m'malo omwera zakumwa, akankhira dengu lake pansi pa mpando. Apa kamera ikumusiya, n'kuyamba kuyenda pa nkhope za anthu amene iye akuwayang'ana: bambo akuseka, achinyamata akucheza, kamwana kakunyambita ayisikilimu. Wotchi ikuyenda. Nditaonera gawo limeneli koyamba ndinazindikira kuti mphindi zisanu zapitazo ndinkafuna kuti mayiyu adutse bwino, ndipo tsopano ndikufuna wina alitole dengulo alitaye kunja. Bomba likuphulika. Potulutsa mitembo ya Afalansa, nyimbo yachisoni imene ikulira ndi yomwe ija inalira potulutsa mitembo ya ku Casbah. Pontecorvo sanabise mbali imene anaima, anali kumbali ya Algeria, koma anakana kuuza woonera kuti kamwana kaja sikanali munthu. Momwemonso akuonetsa asilikali a France akuzunza akaidi ndi magetsi ndi madzi, popanda kuwasandutsa zilombo zopanda nzeru.

Filimuyi inapata mphoto yaikulu ku Venice mu 1966, ndipo ku France inatha zaka zisanu isanayambe kuonetsedwa m'maholo. Chimene chinatsatira chikusonyeza kuti wopanga filimu salamulira maso a oonera. A Black Panther, gulu la anthu akuda lonyamula zida ku America, ankaionera kuti aphunzire kayendetsedwe ka timagulu tachinsinsi. Mu Ogasiti 2003, asilikali a America ali ku Iraq, inaonetsedwa ku Pentagon, likulu la asilikali a dzikolo, kuti akuluakulu aone mmene dziko lingapambanire nkhondo yolimbana ndi zigawenga koma n'kutaya mitima ya anthu. Ngakhale filimu yoona mtima chotere, aliyense anatolamo chimene anabwerera.

Tibwerere ku Germany. RAF inaphuka pa mkwiyo umene unali ndi maziko. Achinyamata a m'zaka za m'ma 1960 ankaona anthu amene anatumikira Hitler akadali m'maudindo a boma, m'makhoti ndi m'makampani. Ankaona mabomba akugwa ku Vietnam. Pa 2 Juni 1967 wapolisi anawombera ndi kupha wophunzira Benno Ohnesorg pa zionetsero zotsutsa ulendo wa Shah, mfumu ya ku Iran, ku West Berlin. Ambiri mwa okwiyawo analowa ndale, uphunzitsi ndi utolankhani. Kagulu kochepa, kotsogoleredwa ndi Andreas Baader, Gudrun Ensslin ndi mtolankhani Ulrike Meinhof, kanatola mfuti mu 1970. Pofika 1998, pamene gululo linalengeza kuti latha, linali litapha anthu oposa 30, ndipo dziko lachilungamo limene linkalonjeza silinayandikire ndi phazi limodzi lomwe.

Opanga filimu ya mu 2008 ankati cholinga chawo chinali kugwetsa nthano ya ungwazi imene inakuta gululi, pakuti pofika nthawiyo chizindikiro chake, nyenyezi yofiira ndi mfuti, chinali chitayamba kuoneka pa malaya a achinyamata amene anabadwa zonsezo zitatha. Ndipo n'zoona kuti Baader akuoneka wamwano, wonyoza akazi, wokonda magalimoto othamanga kuposa mabuku a ndale. Koma theka loyamba la filimuyo likuthamanga ngati mphepo, nyimbo zili pamwamba, achinyamata okongola akuseka ndi kuwombera mfuti pamsewu usiku. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Vuto n'lakuti woonera wazaka 17 amakumbukira khungu la mkuyuwo. Pamene gululo linaba Hanns Martin Schleyer, bambo ake a Jörg uja, mkulu wa bungwe la olemba anthu ntchito amenenso kale anali msilikali wa SS, gulu lankhanza la Hitler, ku Cologne pa 5 Seputembala 1977, linapha anthu anayi pamsewu: dalaivala Heinz Marcisz ndi apolisi Reinhold Brändle, Helmut Ulmer ndi Roland Pieler. Anali anthu a pa ntchito, a mtundu womwewo umene gululo linkati likuumenyera nkhondo. Dzina la Baader lili pa mutu wa filimu ndi pa zikuto za mabuku. Mayina anayiwa munthu amachita kuwafufuza.

Kodi ndiye kuti filimu imasandutsa munthu chigawenga? Kunena choncho n'kupupuluma. Anthu mamiliyoni amaonera nkhani zotere n'kukagona mwamtendere. Amene amalowa m'magulu achiwawa kawirikawiri amakokedwa ndi anzawo kapena abale awo, atakhala kale ndi chilonda mumtima, atasowa pogwira, ndipo gululo likuwapatsa banja ndi dzina. John Hinckley, amene anawombera pulezidenti Ronald Reagan pa 30 Malichi 1981, anaonera filimu ya Taxi Driver kambirimbiri ndipo ankafuna kukopa Jodie Foster amene anaseweramo, koma khoti linapeza kuti mutu wake sunali bwino. Chimene filimu imachita n'chapansipansi. Imapereka chithunzi choti mnyamata wosowa pogwira adzionerepo, ndipo imazoloweretsa tonsefe kuganiza kuti munthu wozama maganizo, wolimba mtima, woyenera kumumvetsa, ndi amene wagwira mfutiyo.

Zigawenga zenizeni zinaphunzira phunziroli bwino lomwe, moti lero sizidikiranso wina kuti azijambule. Gulu la Islamic State, litalanda madera a Iraq ndi Syria mu 2014, linkatulutsa makanema okonzedwa mwaluso ngati zotsatsa mafilimu ankhondo, okhala ndi zithunzi zoyenda pang'onopang'ono ndi nyimbo. Munthu amene anapha Asilamu 51 m'mizikiti iwiri ku Christchurch, New Zealand, pa 15 Malichi 2019, anamangirira kamera kumutu n'kumaulutsa pa Facebook zimene ankachita mumzikiti woyamba. Kampaniyo inati inachotsa makope 1.5 miliyoni a kanemayo m'maola 24 oyambirira. Nduna yaikulu Jacinda Ardern inauza nyumba ya malamulo kuti sidzatchula dzina la munthuyo, ndipo inapempha anthu kuti azitchula mayina a ophedwawo. Mu 2021 kutamveka kuti kukonzedwa filimu ya ngoziyi yozungulira pa Ardern, Asilamu ambiri a m'dzikolo anaikana, ponena kuti nkhaniyo ndi ya iwo amene anaika maliro.

Maboma ayesa kuthana ndi zimenezi ndi malamulo. Margaret Thatcher, ali nduna yaikulu ya Britain, ananena mu 1985 kuti zigawenga ziyenera kumanidwa mpweya umene zimapuma, kutanthauza kutchuka. Kuyambira 1988 mpaka 1994 mawayilesi a ku Britain analetsedwa kuulutsa mawu a atsogoleri a chipani cha Sinn Féin ndi magulu ena a ku Northern Ireland. Mawayilesiwo anangolemba ntchito ochita zisudzo kuti azilankhula mawu a Gerry Adams, mtsogoleri wa chipanicho pa nthawiyo, nkhope yake ikuoneka, ndipo uthengawo unkafikabe. Mabomba a ku London a pa 7 Julayi 2005 atapha anthu 52, lamulo la mu 2006 linaika kutamanda uchigawenga m'gulu la milandu yolimbikitsa ena kuuchita. Ku France, kuyambira 2014, kuikira kumbuyo uchigawenga poyera kungamutengere munthu kundende zaka zisanu ndi chindapusa cha mayuro 75,000, ndipo ngati wachitira pa intaneti, zaka zisanu ndi ziwiri ndi mayuro 100,000. Ndikumvetsa mantha amene amabala malamulo otere, koma pa nkhani ya mafilimu ndimawaopa. Boma limene lapatsidwa mphamvu yosankha filimu yoti anthu aonere limayambira pa imene ikuulula nkhanza zake. Filimu ya Pontecorvo sinatsekeredwe pakhomo ku France chifukwa chophunzitsa kupanga mabomba. Inkakanda pachilonda cha kuzunza akaidi chimene dzikolo silinkafuna kuchiyang'ana.

Njira ina ilipo, ndipo ili m'manja mwa ojambula eni ake. Pa 22 Julayi 2011 munthu mmodzi anapha anthu 77 ku Norway, asanu ndi atatu ndi bomba ku Oslo ndi 69 pachilumba cha Utøya, ambiri mwa iwo achinyamata amene anali pa msasa wa chipani cha Labour. Erik Poppe atapanga filimu ya ngoziyi mu 2018, anakana kumupatsa wophayo nkhope. Kamera ikutsatira mtsikana mmodzi wopeka, Kaja, kwa mphindi 72 osadula, kutalika komweko kwa nthawi imene kuwomberako kunatenga. Tikumva mfuti, tikuona matope, foni ikulira m'thumba la mwana amene sangayankhenso, mtsikana akufunafuna mng'ono wake. Wophayo akungooneka patali ngati chithunzithunzi, ndipo maganizo ake sakupatsidwa mpata ndi umodzi womwe. Ena ku Norway anati nthawi inali isanakwane, ndipo ena amati filimu yotere sitithandiza kumvetsa kumene chidanicho chinachokera. Dandaulo lachiwirili ndi lolemera, pakuti kumvetsa gwero la chiwawa n'kofunika ndithu. Koma kufotokoza mmene munthu anasokera sikufuna kuti umuveke jekete lokongola, ndipo sikufuna kuti amene anawaphawo asanduke utsi.

Bomba la m'dengu lija linaphulikadi. Linatcheredwa pa 30 Seputembala 1956 pamalo otchedwa Milk Bar ku Algiers, ndipo analitchera ndi Zohra Drif, wophunzira zamalamulo wazaka za m'ma 20, amene pambuyo pa ufulu anadzakhala loya ndi phungu wa nyumba ya Senate m'dziko lake. Iye wakhala akunena kuti sankalimbana ndi munthu aliyense payekha koma ndi utsamunda umene unkapha anthu a mtundu wake. Tsikulo m'malomo munali kamtsikana kazaka zisanu, Danielle, kamene agogo ake anakatenga kuti akakagulire ayisikilimu sukulu isanatsegulidwe. Agogowo anaphedwa ndi bombalo, kamtsikanako kanaduka mwendo. Danielle Michel-Chich anakula, anakhala mlembi, ndipo savutika kuvomereza kuti Algeria inayenera kulandira ufulu wake. Mu 2012, patapita zaka 56, anatulutsa buku lolembedwa ngati kalata yopita kwa mayi amene anasiya chikwama pafupi ndi pamene iye anakhala.